Anthu 3,000 pa peji, koma chiponde sichiyenda

Zokambirana za m'gulu la WhatsApp la amalonda ang'onoang'ono a ku Chipata ndi maboma oyandikana nawo

LACHIWIRI

Amake Thoko (chiponde, Saturday Market): Mwauka bwanji abale ndi alongo muno. Pepani ndilemba zambiri, mtima sunakhale pansi. Ambiri mundidziwa, ndine wa chiponde, nsinjiro ndi nshawa zokazinga. Mwana wanga ananditsegulira peji pa Facebook mu 2022, lero onditsatira apitirira 3,000. Ndikaika chithunzi ma like amagwa ngati matalala, koma ogula ndi omwe aja, sakwana ndi 15 omwe. Izo ndinazolowera. Chandibweretsa ndi ichi: sabata yatha mayi wina wa ku Chilenje ku Lusaka anaoda mabotolo 6, analipira zonse pa Airtel Money, ine n'kutumiza pa basi ya m'mamawa. Pofika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity awiri anali atatseguka, katoni yonse mafuta okhaokha. M'malo mondiimbira, anakalemba pansi pa chithunzi changa kuti musagule kwa mayi uyu, katundu amafika wotayika. Ine mutu unatentha, ndinafafaniza zomwe analembazo. Kani mayi uja anali atajambula kale screenshot, waiika m'gulu lina la amayi a ku Lusaka, ati onani wakuba abisa umboni. Manje ndichite bwanji? Nditseke peji?

A Jere (masipeya a njinga, Kapata): Pepani amake Thoko. Koma ndinene mosapsatira: kutseguka kwa mabotolo ndi ngozi chabe, mlandu mwaupalamula pofafaniza. Munthu atabwera pa tebulo lanu pamsika kudzadandaula, mungamutseke pakamwa ndi dzanja anthu akuona?

Amake Thoko: Nanga iye sakanandiimbira? Nambala ali nayo. Ananditchula wakuba ine, a Jere. Zaka 11 pamsika palibe ananditchulapo dzina limenelo.

A Jere: Analakwa, sindikana. Koma walira mvula walira matope. Munafuna peji kuti anthu ambiri akuoneni, ndiye aona zabwino ndi zoipa zomwe.

Tisa (salaula, Mchini): Ine ndikanam'buloka basi. Anthu ena amangofuna kuchititsa manyazi anzawo kuti apatsidwe zaulere.

NaPhiri (makeke, Kalongwezi): Iyayi Tisa, usawanamize amayiwa. Amake Thoko, imvani zomwe zinandionekera ine chaka chatha. Ndinapanga keke ya kitchen party ya nsanjika ziwiri, n'kulakwitsa dzina la mkwatibwi, m'malo mwa Misozi ndinalemba Misodzi, monga tilembera ena. Alongo ake anaijambula n'kuiika pa Facebook ndi mawu onyoza, anthu n'kumaseka. Usiku wonse sindinagone, ndinalemba mayankho aukali atatu n'kufafaniza ndekha ndisanatumize. M'mawa ndinangoyankha pomwepo pagulu kuti ndalakwa ndine, dzina ndinalimva pafoni osalifunsa kalembedwe, ndibweza gawo la ndalama lero lomwe. Kenako ndinawaimbira. Pafoni munthu uja anali wina, wofatsa, mpaka anapepesa yekha. Keke ya ukwati wa Misozi yemweyo ndinapanga ndine. Kuyambira pamenepo dzina lililonse ndimati lilembeni pa WhatsApp, ine ndikopere momwemo.

Chomwe ndinaona n'chakuti poyankha pagulu suyankha wokwiya uja yekha. Pali anthu mazana ongowerenga chete, salemba kanthu, koma akuyesa kuti ndalama zawo zikalowa m'manja mwako n'kuchitika ngozi, udzawatani.

Amake Thoko: Ndiye ndipepese pa chinthu chomwe analakwitsa ndi anyamata a basi? Ndinaona ndi maso anga akuponya katoni yanga pansi pa matumba a chimanga.

NaPhiri: Mayi wa ku Chilenje sanagule kwa kondakitala, anagula kwa inu.

Amake Dalitso (nyemba ndi mpunga, Lundazi): Ndilowererepo pa za kalongedzedwe, chifukwa ine ndimatumiza mapasela sabata iliyonse. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 550, ndipo basi imatsika m'chigwa cha Luangwa kumene dzuwa la Okutobala uno limaotcha ngati ng'anjo. Chiponde chikatenthedwa mafuta amakwera pamwamba, n'kugwedezeka m'mapiri a kupitirira Nyimba aja, chivundikiro chimamasuka chokha. Mlamu wanga amatumiza uchi, amachita chonchi: sadzaza botolo mpaka kukamwa, amaika kapulasitiki pakamwa asanatseke, amakulunga selotepi kuzungulira chivundikiro, botolo lililonse m'kathumba kake, onse choimirira, manyuzipepala m'mipata. Akatha amajambula katoni ili chotsegula, ijambulidwenso ili chotseka, ndi nambala ya basi, n'kutumizira mwini katundu basi isananyamuke. Kasitomala akaona zithunzi zimenezo, ngakhale chitachitika china, amadziwa kuti sunachite dala.

Amake Thoko: Kapulasitiki ako sindinaike, zoona. Ndinali ndi changu, basi inali italiza kale huta.

A Mwale (admin): Tsono mlandu wapeza mwini wake 😄 Pitirizani, nkhaniyi itithandiza tonse.

Mabvuto (okonza mafoni, Down Shops): Mayi, peji musatseke. Koma ine chandigwira mtima ndi mawu anu oyamba aja, akuti otsatira 3,000 ogula 15. Anthu 15 amenewo muwadziwa maina? Mudziwa kuti wakuti botolo limamuthera masabata angati?

Amake Thoko: Ena ndiwadziwa. Mufoni ndinawalemba Kasitomala 1, Kasitomala 2, ena Mayi wa Chiponde, ena Mayi wa Chiponde Watsopano.

Tisa: 😂😂 ngati ine. Ndili ndi a Jeans asanu ndi a Diresi Yofiira awiri.

Mabvuto: Apo ndiye pali ntchito. Facebook ili ngati kuima pa Great East Road ndi chikwangwani, odutsa amakupatsa moni n'kupitirira. Malonda enieni amathera pa WhatsApp. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, inatuluka mu 2018 koma ambiri kuno akali kugwiritsa ntchito wamba uja. Muli malo oika zithunzi za katundu ndi mitengo yake, kuti munthu aone yekha osakufunsani. Muli ma label, mumapaka munthu mtundu: walipira, sanalipire, wa ku Lusaka, wa mwezi ndi mwezi. Mulinso uthenga umene umayankha wokha mukakhala kutchalitchi kapena foni ili pa chaji, wonena kuti ndauona uthenga wanu ndiyankha nthawi yakuti.

Chinanso chomwe anthu sadziwa: status imakhala maola 24 chabe, ndipo amaiona ndi okhawo amene inu munasunga nambala yawo iwonso anasunga yanu. Broadcast list, yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imalola anthu 256, koma uthenga umafika kwa amene anakusungani basi. Ndiye munthu akagula, mawu omaliza akhale akuti sungani nambala yanga, ine ndasunga yanu. Popanda zimenezo mukulankhula ndi khoma.

A Sakala (mbewu ndi mankhwala a m'munda, Katete): Ana inu mundiseketsa. Zomwe afotokoza Mabvutozi ine ndili nazo m'kabuku ka hardcover kuyambira ndalama zisanachotsedwe maziro mu 2013. Mlimi aliyense ali ndi tsamba lake: mudzi, maekala, mbewu yomwe anatenga chaka chatha, kaya nshawa za MGV4 kaya za Chalimbana, ndi zomwe anadandaula. Mvula ikayandikira ndimagula talk time n'kuyamba kuimba mmodzimmodzi. A Banda, chaka chatha munachedwa kubzala, mbewu yafika, ndikusungireni zingati? Alimi anga ambiri ali ndi tumafoni twa mabatani, Facebook saidziwa. Ndikafuna kuti uthenga ufike kumidzi ndimapereka chilengezo pa wailesi ya Breeze FM, mawa lake anthu ali pakhomo.

Mabvuto: Sitikutsutsana atate. Kabuku kanu ndi kameneko, kangolowa mufoni.

A Sakala: Kabuku kanga sikafuna chaji mwana wanga. Mu 2024 muja madzi atachepa ku Kariba, malaiti kumapita tsiku lonse, inu a mafoni munali kuzungulira tauni ndi machaja m'manja ngati mwataya mbuzi. Ndipo mwaiwala tsiku la masankho, pa 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa dziko lonse? Amene makasitomala ake onse anali m'menemo anangogwira m'chiuno.

Mabvuto: Apo mwandigwira. Ngakhale pa 4 Okutobala chaka chomwecho Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi pafupifupi maola 6. Zonse zitatu mwini wake ndi mmodzi, zikagwa zimagwera limodzi. Manambala a makasitomala alembedwenso papepala, ndavomera.

Amake Thoko: A Sakala mwandikumbutsa amayi anga. Iwo ankadziwa kuti mkazi wa aphunzitsi akuti safuna mchere m'chiponde, wakuti amafuna chokhakhala. Akaona munthu akubwera chapatali anali atam'kulungira kale. Ine ndi foni ya K2,000 sindidziwa ngakhale dzina la mayi wanditukwanayu, ndinamulemba Lusaka 6.

NaPhiri: Yambirani pamenepo. Mukamuimbira mufunse dzina, mumutchule amake ndani.

LACHITATU

A Jere: Popeza nkhani yatseguka, nane nditulutse changa chakukhosi. Inu amalonda a pa Facebook, matenda awa akuti munthu akafunsa mtengo mumayankha kuti inbox munawatenga kuti? Dzulo ndinaona nsapato, ndafunsa zingati, ati inbox. Anthu 40 afunsa funso lomwelo, onse ati inbox. Kodi ndi chamba mukugulitsa?

Tisa: A Jere musatinyoze, pali chifukwa. Ukalemba mtengo poyera, mnzako wa tebulo loyandikana amaona n'kutsitsa ndi K5. Chinanso salaula ilibe mtengo umodzi. Bero limodzi limatuluka malaya abwino mwina 20, otsalawo ndi a bendedown, oyala pansi aja. Wa kumayadi ku Moth ndi wa kukomboni ku Navutika sindingawatchulire mtengo wofanana.

A Jere: Ndiye kuti umayamba waona chithunzi cha munthu, ukaona ali pa galimoto mtengo ukwera.

Tisa: Sindinatero ine 🙈

Amake Dalitso: Watero Tisa. Ndipo makasitomala amadziwa. Ine ndinasiya za inbox nditaona kuti akazi awiri a ofesi imodzi ndinawagulitsa nyemba mitengo yosiyana, anakafunsana pa lunch. Wodulitsidwa uja sanakalipe, anangosowa, mpaka lero. Tsopano mtengo wa meda ndimalemba pa chithunzi penipeni, wa mpunga wa ku Chama chimodzimodzi, ndi ndalama ya basi payokha. Wondikonda ndimamuonjezera mbasela, osati kumudulira mtengo mobisa. Mbasela munthu amakaiulula kwa anzake mokondwa, koma mtengo wobisa ukaululika umabala chidani.

Tisa: Nyemba ndi nyemba mayi, meda ndi imodzi. Bwerani mudzatsegule bero muone ngati mulemba mtengo umodzi.

Mabvuto: Tisa, iwe umachita live potsegula bero, si choncho? Tchula mtengo pomwepo chovala chili m'manja, woyamba kulemba kuti changa watenga. Anthu amakonda mpikisano umenewo, ndipo palibe adzati wadyeredwa.

Tisa: Ndinayesa kawiri. Bandulo inatha pakati, ndipo amene analemba changa changa theka sanabwere kudzatenga.

A Sakala: Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Changa wa pa foni ndi wa mphepo.

NaPhiri: N'chifukwa chake ine popanda dipoziti uvuni suyaka. Theka patsogolo, ndipo ndinazilemba pa status kuti aliyense adziwe, asaone ngati ndikumukayikira iye yekha. Ovuta ndi achibale ndi a kutchalitchi. Amalemba usiku, asisi ndipangireni ka keke ndidzakuonani pakutha kwa mwezi. Ukakana ati wayamba kunyada chifukwa cha Facebook.

Amake Thoko: Nkhongole za pa WhatsApp zimawawa kuposa za pamsika. Munthu uli naye nkhongole, uthenga wako wauwerenga, tumizere tuwiri twasanduka twa buluu, sayankha, koma pa status akudya nkhuku ku lodge.

Tisa: Ameneyo ndimamuika pa status ine, dzina ndi nambala, anthu amudziwe.

A Mwale (admin): Tisa, chimenecho usiye, ndipo ndanenapo kale muno. Kuli lamulo la Data Protection Act la 2021 loteteza zinthu za munthu monga nambala yake ya foni, ndipo kunyazitsa munthu pa intaneti kukhoza kukufikitsa kupolisi iwe wokongozawe. Kupatula lamulo, makasitomala ena akaona amati mawa ndine. Chimodzimodzi khalidwe lija lotenga manambala a anthu n'kuwaponya m'gulu la malonda osawapempha. Ine ndikadzuka n'kupeza ndili m'gulu la mawigi, ndimatuluka n'kubuloka mwini wake.

A Jere: Admin ndi dazi lanulo mawigi akanakuthandizani.

A Mwale (admin): A Jere ndikuchotsani muno 😄

Esnart (telala, Magazine): Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira dzulo. Ine peji yanga ili ndi anthu osakwana 400, koma makina sagona. Sindichita zambiri. Aliyense amene ndinamusokerapo ndili ndi miyeso yake m'buku, ndi chithunzi cha chomwe ndinasoka. Chaka chathu kuno chili ndi nyengo zake: Nc'wala ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, Independence pa 24 Okutobala, kenako maukwati a Disembala. Kukatsala masabata asanu ndi limodzi ndimalembera munthu payekha, osati uthenga wa onse uja woyamba ndi dear customers. Ndimati amake Yamikani, chaka chatha pa Kulamba munavala ya buluu ija, chaka chino kwabwera chitenje chakuti, miyeso ikadali yomweyo kapena tionjezere pang'ono m'chiuno? Amaseka, n'kutumiza dipoziti. Ena amayankha kuti chaka chino zavuta, ndimati palibe kanthu, moni kunyumba. Chaka chinacho amabwera okha.

Ndipo ndikamva kuti kasitomala waferedwa ndimapita kumaliro ngati ndi pafupi, ngati ndi kutali ndimaimba. Osati ka emoji kolira pa status yake. Kuimba.

A Sakala: Mwana uyu analeredwa.

Esnart: China chomwe ndinaona, zithunzi zokopera pa intaneti za madiresi a ku Nigeria zimabweretsa ma like koma zimabweretsanso milandu, chifukwa munthu amafuna chimodzimodzi. Ndikaika kavidiyo ka manja anga akudula nsalu pa tebulo langa lothyoka mwendo lija, ndi pamene anthu amafunsa kuti muli pati. Amake Thoko, inu jambulani mukusankha nshawa pa lichero, mukutaya zoola ndi zachuku, mukukazinga. Wa ku Lusaka chimene amafuna kudziwa n'chakuti chiponde chake n'choyera ndipo simunathiremo mafuta ogula.

Amake Thoko: Ine kujambulidwa ndili ndi chitenje chakukhitchini, utsi uli m'maso?

Esnart: Chimenecho ndiye chigulitsa. Nkhope musaonetse ngati simufuna, manja okha.

Mabvuto: Ndisanaiwale, popeza mukuyamba kusunga makasitomala mufoni, tsekani chitseko. Sabata ino ndalandira anthu atatu olandidwa WhatsApp. Njira ndi imodzimodzi: wina amakuimbira kapena kukulembera ngati mnzako, ati ndatumiza manambala 6 kwa inu molakwitsa, ndiwerengereni. Manambalawo ndi otsegulira WhatsApp yako pa foni ina, ukangowerenga, akaunti yapita, ayamba kupempha ndalama kwa makasitomala ako m'dzina lako. Lowani mu settings, account, two-step verification, ikani PIN yanu. Ndi mphindi ziwiri. Komanso uthenga wakuti ndalama zalowa musaukhulupirire, kaya ndi screenshot kaya ndi SMS. Onani balansi nokha pa MoMo ya MTN kapena Airtel Money musanapereke katundu kwa wa njinga.

Amake Dalitso: Zinandichitikira. Uthenga unabwera wooneka bwinobwino, K850, dzina langa lilipo. Mwayi mwana wanga anaona kuti wachokera pa nambala wamba ya munthu. Thumba linali litakwera kale pa njinga, tinachita kulitsitsa.

Amake Thoko: Chabwino abale, ndamva. Usiku uno ndimuimbira mayi uja. Koma pagulu paja ndilembe chiyani? Ndikayamba ine ndidzalemba ndime khumi.

NaPhiri: Mizere itatu basi. Kuti mabotolo awiri anatayika chifukwa simunamange bwino, kuti munalakwa kufafaniza mawu ake, ndi kuti mukutumiza ena awiri pa ndalama zanu. Za kondakitala ndi matumba a chimanga musatchule. Ndipo muyambe mwamuimbira, asakaone pagulu musanalankhulane.

A Jere: Muikemo ndi kapaketi ka nsinjiro.

Tisa: Mpaka mbasela kwa munthu wokutchula wakuba? Inu anthu muli ndi mitima.

LACHISANU

Amake Thoko: Odi muno. Ndabwera ndi lipoti. Ndinaimba Lachitatu usiku, kawiri sanayankhe, kachitatu anayankha ndi mawu ouma. Ndinati ndine mayi wa chiponde wa ku Chipata, ndaimba kupepesa. Anakhala chete, kenako anayamba kufotokoza. Kani mabotolo aja sanali ake onse, anasonkherana ndi anzake a kuntchito, iye ndiye anawauza kuti ndikudziwa mayi wina kwathu kum'mawa. Ndiye awiri atatayika anzake anayamba kumuyang'ana ngati wadya ndalama. Pomwe ine ndinafafaniza mawu ake, anaona ngati ndathawa. Kwawo ndi ku Chadiza, ndi amake Chikondi, tinathera kukamba za mvula. Dzulo ndatumiza awiri aja ndi nsinjiro, kapulasitiki, selotepi, zithunzi zonse monga ananenera amake Dalitso. Afika bwino.

Zomwe analemba m'gulu la ku Lusaka sanachotse, ati admin wa kumeneko ndiye amachotsa, koma walemba pansi pake kuti nkhani yatha bwino ndipo waika chithunzi cha katoni. Iye sanaodenso, sindidziwa ngati adzaoda. Koma kuchokera m'gulu lomwelo andilembera amayi atatu, mmodzi walipira kale anayi.

NaPhiri: Mwawalemba maina?

Amake Thoko: Amake Luyando Kabwata osathira mchere. Ndi m'kabuku momwe, a Sakala asandiseke.

A Sakala: Kabuku kakhale ka chikuto cholimba, twa masamba 32 tumathothoka.

Esnart: Nanga kavidiyo ka lichero?

Amake Thoko: Thoko wajambula m'mawa uno, koma tambala analowa pakati n'kujompha nshawa. Ati tiike momwemo.

Mabvuto: Ikani momwemo mayi. PIN ija mwaika?

Amake Thoko: Ndibwera mawa ku Down Shops mundiikire, ndinayesa ndekha n'kusochera.

Tisa: Nkhani zanuzi zandipatsa njala. Amake Thoko, botolo lalikulu zingati? Inbox.

Amake Thoko: Inbox ya chiyani, a Jere ali muno. Lalikulu K70, laling'ono K40. Koma iwe Tisa uyambe wabweretsa K40 ya botolo la mu Ogasiti lija.

Tisa: Admin onani, andiika pagulu 😭

A Mwale (admin): Sanatchule nambala. Lipira.